A Ng'oma asanduka bwanji a Ngoma?

Bambo wina wokhala ku Rosettenville, mumzinda wa Johannesburg, anditumizira imelo. Akuti dzina lawo ndi Ng'oma, koma fomu ya pa intaneti yogulira tikiti ya ndege ikumalikana, ndipo m'munsi mwa pasipoti yawo mwalembedwa NGOMA. Akufunsa ngati pasipotiyo inalakwika.

Bambo, mtima m'malo, pasipoti yanu ili bwinobwino. Mizere iwiri ya m'munsiyo ndi yowerenga makina. Uliwonse uli ndi malo 44, ndipo malamulo a ICAO, bungwe loona za maulendo a ndege pa dziko lonse, amalola zilembo A mpaka Z, manambala ndi kachizindikiro ka < basi. Nkhodolero imangochotsedwa. A Ng'ambi ndi a M'bwana nawonso zimawachitikira, ngakhalenso a O'Brien a ku Ireland. Kungoti kwa ife zimapweteka pang'ono, chifukwa ng'oma timavinira pomwe ngoma ndi nyama ya m'tchire.

Mafomu a pa intaneti ali ndi chifukwa chinanso. M'chinenero cha SQL, chomwe makompyuta ambiri amasungira mayina, nkhodolero imasonyeza pamene mawu athera, ndipo akuba amatha kulowera pomwepo. Njira yotsekera khomo limeneli ilipo, koma ena opanga mapulogalamu amangoletsa nkhodoleroyo. Kwa ine umenewu ndi ulesi.

Komatu vuto lenileni ndi mabokosi awiri aja a pa fomu, la dzina ndi la surname, ngati kuti dziko lonse limatchula mayina mofanana. Pitani ku Mayfair, ku Johannesburg komweko, mukafunse anzathu a ku Somalia kapena a ku Ethiopia. Iwo alibe dzina la banja lonse: munthu amakhala ndi dzina lake, la bambo ake, kenako la agogo ake. Ambiri a ku Mozambique ali ndi la kuchimayi ndi la kuchibambo, bokosi n'kuchepa. Ngakhale kwathu, mayi amene mudzi wonse umawaitana kuti a Nabanda, pa chiphaso chawo pangakhale palembedwa Banda kapena dzina la amuna awo.

Ndiye pogula tikiti lembani NGOMA, monga zilili m'mizere ya m'munsi ija. Musaike mpata m'malo mwa nkhodolero, "NG OMA" idzakuvutitsani pa bwalo la ndege la OR Tambo. Potumiza ndalama kumudzi, auzeni olandirawo ajambule chiphaso chawo cha unzika akutumizireni pa WhatsApp, inu mukopere dzinalo chilembo ndi chilembo.