Kodi selenium wa m'madzi a pa pompi ndi amene akuyoyola tsitsi langa?

FUNSO: Akonzi, ndine mayi wa ana atatu ndipo ndimakhala ku Kapata kuno ku Chipata. Pa gulu lathu la WhatsApp munthu wina anatumiza uthenga wonena kuti madzi a pa pompi amatha kukhala ndi chinthu chotchedwa selenium, chomwe chimayoyola tsitsi ndi kuswa zikhadabo. Tsitsi langa lakhala likuyoyoka chibadwire mwana wanga womaliza. Kodi ndi madziwa? Nanga ndikawawiritsa, chinthuchi chimatha? — Mayi wa ku Kapata

YANKHO: Mayi, uthenga umene munalandirawo uli ndi choonadi chake, koma wasiya mbali yaikulu ya nkhaniyi. Selenium ndi mchere wa m'nthaka ndi m'miyala umene thupi limaufuna pang'ono chabe, kuti chithokomiro ndi chitetezo cha m'thupi zigwire bwino ntchito. Munthu wamkulu amafunika pafupifupi maikulogalamu 55 pa tsiku, ndipo maikulogalamu imodzi ndi gawo limodzi mwa magawo 1,000,000 a galamu. Akachuluka kwa nthawi yaitali, selenium yemweyo amasanduka poizoni: tsitsi limayoyoka, zikhadabo zimapindika n'kumasweka, khungu limachita zidzolo, ndipo mpweya wa m'kamwa umanunkha adyo. Akatswiri a ku America anaika malire oti munthu wamkulu asapitirire maikulogalamu 400 pa tsiku, kuwerengera pamodzi za m'chakudya ndi za m'madzi, pamene a ku Ulaya anatsitsa malire awo kufika pa 255 mu 2023.

Pa madzi akumwa, bungwe la zaumoyo pa dziko lonse la WHO linanena mu 2011 kuti lita imodzi isakhale ndi maikulogalamu oposa 40, pamene kale malirewo anali 10. Dziko la America limalola 50. Tiyeni tiwerengere limodzi: ngati mumamwa malita awiri pa tsiku, ndipo madzi anu ali pamalire penipeni a WHO, mwamwa maikulogalamu 80, zomwe zili kutali ndi 400. N'chifukwa chake kumene anthu anadwala kwambiri, poizoniyu analowera m'chakudya koposa m'madzi. Ku Enshi, m'dziko la China, pakati pa 1961 ndi 1964 anthu ambiri anayoyoka tsitsi ndi zikhadabo chifukwa chodya chimanga ndi ndiwo zamasamba zolimidwa m'nthaka ya dera lomwe malasha ake ali ndi selenium wochuluka kwambiri.

Selenium amalowa m'madzi kuchokera m'miyala ya mitundu ina, m'phulusa la malasha, ndi m'zotayidwa za malo oyengera kopa. Kuno kummawa kwa Zambia tili kutali ndi malo oyengera kopa a ku Copperbelt ndi mgodi wa malasha wa ku Maamba. Vuto lomwe ofufuza amalitchula kawirikawiri m'chigawo chino cha Africa ndi la kupereweza, osati kuchuluka. Kutsidya kwa malire, ku Malawi, kafukufuku anapeza kuti chimanga cholimidwa m'nthaka ya asidi chimakhala ndi selenium wochepa kwambiri, ndipo amayi ambiri amaperewera mcherewu m'magazi awo. Popeza nafenso nsima ndiyo chakudya cha tsiku ndi tsiku, ine ndikanada nkhawa kwambiri ndi mbale imene mulibe kapenta, mazira kapena nyama, zomwe zimapereka selenium, kusiyana ndi madzi a mu ndowa yanu.

Komabe maso ndi lilime sizingaweruze nkhaniyi, chifukwa madzi okhala ndi selenium amatha kukhala oyera mbee, opanda fungo lililonse. Chokhacho chimene chingakuuzeni zoona ndi kupima madziwo mu labotale. Madzi a pa pompi kuno amaperekedwa ndi kampani ya Eastern Water and Sanitation, yomwe imayang'aniridwa ndi bungwe la NWASCO, pamene miyezo ya madzi akumwa imaikidwa ndi bungwe la ZABS. Inu ngati kasitomala muli ndi ufulu wofunsa zotsatira za kupima madzi a m'dera lanu, ndipo pofunsapo mutchule selenium ndi dzina, chifukwa kupima kwa masiku onse kumayang'ana kwambiri tizilombo, klorini ndi matope. Amene akukumba mjigo wawo pakhomo ndiwo ayenera kusamala kwambiri, popeza palibe amene amawapimira madziwo akapanda kulipira okha.

Kuwiritsa sikuchotsa selenium. Madzi akamawira, nthunzi imatuluka koma mcherewo umatsalira mumphika, moti akawira nthawi yaitali umachulukako pang'ono. Klorini nayenso samuchotsa. Chimene chimathandiza ndi makina osefera a reverse osmosis, omwe ndi odula. Koma musasiye kuwiritsa kapena kuthira klorini chifukwa cha zimenezi, pakuti njirazi zimapha tizilombo ta kolera ndi taifodi, matenda amene amatha kupha mwana mwamsanga, monga tinaonera pa mliri wa kolera wa 2023 mpaka 2024.

Za tsitsi lanu, amayi ambiri limawayoyoka miyezi ingapo akangobereka, ndipo kawirikawiri limabwerera lokha mwana asanathe chaka. Kuchepa kwa magazi, vuto la chithokomiro, mankhwala owongola tsitsi ndi kuluka kothina kwambiri zimachititsanso zomwezo. Pitani ku kiliniki akakupimeni magazi, mukawaonetsenso zikhadabo zanu. Ndipo wina akakutsatsani mapilisi a selenium ponena kuti ndi olimbitsa thupi, musagule dokotala asanakuuzeni, chifukwa pilisi limodzi limatha kukhala ndi maikulogalamu 200, kuposa amene mungamwe m'malita anayi a madzi amene ali pamalire a WHO.