Mzere ukhale wa nsomba, osati wa dzina

Mphunzitsi wina wa ku Nkhotakota wanditumizira imelo. Akutolera mayina a nsomba ndi zida za usodzi m'madoko a ku Chia, akumalemba mu Excel, koma akuti zasokonekera: dzina limodzi likuloza nsomba zingapo, nsomba imodzi ili ndi mayina angapo. Akufunsa kuti akonze bwanji.

Aphunzitsi, ntchito mwaiyambayi ndi yamtengo wapatali. Pamene pavuta ndi poti liwu lililonse mwalipatsa mzere wake. Mzere upatseni chinthu chenichenicho, mayina azibwera pambuyo pake.

Taonani chambo. Pamsika dzina ndi limodzi, koma asayansi amasiyanitsa mitundu itatu: Oreochromis karongae, squamipinnis ndi lidole. Chikakhala chaching'ono, msodzi amati kasawala. Zonsezi mumzere umodzi sizingakwane.

Tsegulani matebulo atatu. Yoyamba ikhale ya zinthu: chilichonse ndi nambala yake yosasintha, tanthauzo lalifupi, chithunzi ndi dzina lasayansi ngati lilipo. Chambo chikhale ndi nambala yake ngati gulu, mitundu itatu ija iliyonse yakenso. Yachiwiri ndi ya mayina, ndipo apa ndi pofunika kufatsa. Liwu lililonse lilembedwe ndi nambala ya chinthu chomwe likuloza, chiyankhulo, doko lomwe mwalimva ndi tsiku. Agogo osoka ukonde pansi pa mtengo akakuuzani dzina losiyana ndi la anyamata a kauni (usodzi wa usiku wogwiritsa ntchito nyali), chonde musafute lina pofuna "lolondola". Lembani onse, muchonge limodzi loti lizitsogolera. Ine zimandiwawa ndikaona mawu a akuluakulu akutayidwa chifukwa sanapezeke m'buku.

Yachitatu ndi ya ubale: kasawala ndi msinkhu wa chambo, chilimira ndi mtundu wa ukonde, mpasa umakwera mtsinje wa Bua kukaswana.

Njirayi si yanga ayi. TBX, njira yovomerezeka padziko lonse (ISO 30042) yosungira mawu aukatswiri pa kompyuta, imayalanso chomwechi: chinthu, chiyankhulo, kenako liwu. SKOS, njira ina yosanjira zinthu ndi mayina ake, yomwe bungwe loika miyezo ya pa intaneti la W3C lidavomereza mu 2009, imalola dzina lotsogolera limodzi lokha pa chiyankhulo chilichonse, ena onse n'kukhala othandizira. Mukayala bwino lero, kusamutsira kumeneko sikudzavuta.

Ziyankhulo muzilemba ndi zidule zodziwika: nya pa Chichewa, yao pa Chiyao, tog pa Chitonga. Posunga matebulowa ngati fayilo ya CSV, yomwe mapulogalamu ambiri amatha kutsegula, sankhani kasungidwe ka zilembo kotchedwa UTF-8, apo ayi chilembo ŵ chidzasanduka zinyalala mukatsegula pa kompyuta ina.