WiFi mizere yadzadza koma ikukwawa, vuto nchani?

FUNSO: Akulu, ine ndili ndi kashopu kosindikiza mapepala ndi kuthandiza anthu za intaneti pa boma pano pa Ntcheu. Mzere wathuwu pafupifupi shopu iliyonse ili ndi rauta kapena ka MiFi kake, timabokosi togawa WiFi tija. M'mawa zimayenda bwinobwino koma ikangokwana 4 koloko ana asukulu akadzadza pakhonde ndi mafoni basi zonse zii, ngakhale imelo imodzi osapita, chonsecho bandulo ilipo. Kodi aneba akundibera? Wowerenga, Ntcheu.

YANKHO: Achimwene, anebawo asiyeni kaye, mwina sakukuberani, mukungolimbirana malo amodzi. WiFi imayenda ngati mlandu wa pabwalo kwa amfumu, wolankhula ndi mmodzi ena nkumadikira. Foni isanatumize kanthu imayamba yamvetsera, ikamva wina akulankhula pa tchanelo chomwecho (kanjira ka m'mlengalenga komwe WiFi imadutsa) imadikira kanthawi, ndipo ziwiri zikayamba limodzi mawu amasokonezana zonse nkubwerezanso. Ndiye anthu akachuluka nthawi yambiri imathera kudikirana ndi kubwerezaku. Mizere ya WiFi ya pa foni ija imangokuuzani kuti rauta ili pafupi, sikuuzani kuti bwalo ladzadza ayi.

Marauta ambiri otchipa amagwira pa mafunde a wayilesi otchedwa 2.4 GHz, ndipo pamenepo matchanelo osapondana ndi atatu okha: 1, 6 ndi 11. Ena amathawira pa 3 kapena 8 poganiza kuti palibe anthu, kumeneko ndiye kuponda minda iwiri nthawi imodzi. Ikani pulogalamu yoonera matchanelo pa foni ya Android, muone aneba aunjikana pati, kenako lowani mu ma setting a rauta (adilesi ndi pasiwedi zimalembedwa pansi pake) musankhe chomwe chili ndi mpata pa atatu aja. Pa bandwidth, komwe ndi kukula kwa tchanelo, ikani 20 MHz osati 40. Kunena zoona zimayenda bwino mukakhala pansi ndi anebawo nkugawana matchanelo, sizofuna komiti izi.

Ngati rauta yanu ili ndi 5 GHz, makompyuta antchito aikeni kumeneko, matchanelo ndi ambiri, kungoti sidutsa bwino zipupa za njerwa. Kompyuta yosasuntha ilumikizeni ndi waya basi.

China chomwe anthu sachidziwa, foni yakale kapena yomwe ili kutali, ya mnyamata wakhala kuseri kwa grosale uja, imalankhula pang'onopang'ono ndiye imatenga nthawi ya aliyense. Sinthani pasiwedi, chepetsani olumikiza, rauta muyiike pamwamba osati pansi pa kauntala.

Ndalama ikapezeka gulani rauta ya mtundu wotchedwa WiFi 6, imeneyo imatha kugawa tchanelo chimodzi tizigawo nkutumikira mafoni angapo kamodzi, bola mafoniwo akhalenso a WiFi 6. Koma musanagule yesani izi: 4 koloko ikakwana lumikizani laputopu ndi waya. Ikamakwawabe popanda wina wolumikiza pa rauta yanu ndiye kuti kuthinana kuli pa nsanja ya netiweki yomwe anthu onse pa bomapo akugwiritsa ntchito, rauta yatsopano sithandiza.