Elden Ring idikire kaye, achimwene

Achimwene, funso lanu ndinaliona m'mawa koma ndinati ndiyambe ndaweruka kuti ndiyankhe nditakhala pansi. Mwati mwagula PS4 kwa munthu, mpaka pano mwangokhalira FIFA yokhayokha, ndiye mavidiyo a Elden Ring akukopani ndipo mukufuna mulaweko magemu a malupanga, amatsenga ndi zinjoka. Koma mutafunsa mtengo mutu wazungulira, ndiye mukufuna kudziwa ngati n'chanzeru kukhuthula ndalama zonsezo pa gemu imodzi. Ine ndikuti ayi, panopa musatero. Ndifotokoza chifukwa chake.

Za mtengozo simukulota. Kuyambira nthawi ya Xbox 360 ndi PS3, cha m'ma 2005 ndi 2006, gemu yatsopano ya kampani yaikulu inkagulidwa madola 60, ndipo mtengowo unakhala pomwepo zaka pafupifupi 15. Mu 2020, PS5 ikutuluka, NBA 2K21 ndi imene inatsegula njira ya madola 70, ena onse n'kutsatira. Nintendo inafikapo mu 2023 ndi Zelda: Tears of the Kingdom, kenako mu June 2025 inatulutsa Mario Kart World pa madola 80. Microsoft inafunanso kugulitsa The Outer Worlds 2 pa 80 pomwepo, anthu atalira kwambiri inabwerera pa 70. Makampaniwo amati kupanga gemu kwakwera mtengo, ndipo apo sakunama kwenikweni: Horizon Forbidden West inadya madola 212 miliyoni, pomwe The Witcher 3 ya mu 2015 inadya pafupifupi 81 miliyoni kuphatikizapo zoitsatsa. Koma zimenezo ndi zawo. Kwa ife vuto lenileni ndi kwacha. Ngakhale mutawerengera pa mtengo wa kubanki wa K1,750 pa dola, madola 70 akupitirira K120,000, ndipo tonse tikudziwa kuti amene amaitanitsa madisiki kunja madola awo sawapeza pa mtengo umenewo. Chiigwetsereni kwacha ndi 44 peresenti mu November 2023, gemu yatsopano yasanduka lendi ya nyumba.

Elden Ring inatuluka mu February 2022 pa madola 60, ndipo ngakhale pa seli siitsika kwambiri ngati anzake. Ine ndinaigula ikadali yotentha, ndi ndalama zimene ndinkayenera kugulira zina, ndipo ndikuuzeni mmene zinathera. Nditangotuluka m'phanga loyambira n'kuona dziko la Limgrave, patsogolo panga panali msilikali wa zovala zagolide ali pa kavalo, akuyenda pang'onopang'ono ngati alibe nane ntchito. Dzina lake ndi Tree Sentinel. Ndinati uyu ndiye woyeserapo lupanga. Anandimenya kawiri basi, ndafa. Ndinabwerera, ndafa. Usiku wonse unathera pa iyeyo, mpaka akazi anga anafunsa ngati gemuyo ili ndi malo ena kapena ndi pa mtengo pomwepo basi. Sindinkadziwa kuti anamuika dala pamenepo kuti uphunzire kulambalala zimene sungazithe. A FromSoftware, amene anapanga gemuyi, sakugwira dzanja. Palibe posankha kuti gemu ifewe, palibe mndandanda wokukumbutsa ntchito zimene anthu akutuma, ngakhale batani loimitsira gemu kuti ukatsegule chitseko palibe. Ukafa, ma runes (ndalama za m'gemumo) onse amene unatolera amatsala pamene wagwerapo, ndipo ukafanso usanawatole apita. Disiki ija inakhala pansi pa TV miyezi inayi ikuchita fumbi. Lero ndimaikonda kwambiri, musandimve molakwa. Koma munthu wochokera ku FIFA kuyambira pamenepo kuli ngati kuphunzira njinga potsetsereka pa Zomba.

Mavidiyo amene mukuonawo amajambula ndi anthu oti aseweramo maola mazanamazana. Sakuonetsani maulendo 40 amene Margit, mdani wamkulu wa koyambirira kwa gemuyo, anawapha.

Ndiye muyambire pati? Pali magemu awiri amene ndimauza aliyense, onse alipo pa PS4, onse ndi akale moti mtengo wake unagwa kalekale.

Woyamba ndi Skyrim ya Bethesda, ya mu November 2011. Pa PS4 imene mungapeze ndi Special Edition ya mu 2016, yomwe ili kale ndi zowonjezera zake zitatu. Ubwino wake ndi ufulu. Umayamba uli mkaidi pa ngolo akukutengera kokadulidwa mutu ku Helgen, chinjoka n'kusokoneza mwambowo, ndipo kuchokera pamenepo dziko ndi lako. Chimene ukuchita kawirikawiri ndi chimene umakula nacho: ukamaponya mivi umasanduka katswiri wa uta, ukamagwira ntchito yosula zitsulo umasanduka mmisiri. Ikakulimbira umaifewetsa pomwepo. Chinanso chofunika kwa ife a magetsi othimathima, umasunga pamene wafika nthawi ina iliyonse. Chenjezo limodzi: m'mudzi woyamba wa Riverwood muli nkhuku zongoyendayenda. Ine ndinabaya imodzi mongoyesa lupanga. Mudzi wonse unanditembenukira, wosula zitsulo amene anali atangondilandira kunyumba kwake n'kuyamba kundithamangitsa ndi chida m'manja. Ndinaseka mpaka misozi, chifukwa ngakhale kwathu mlandu wa nkhuku sufika pamenepo. Koma ndisakunamizeni, ukalamba wake umaoneka. Nkhondo yake ndi yongokhapakhapa, nkhope za anthu n'zouma, ndipo nthawi zina umaona zinthu zikuuluka zokha popanda chifukwa.

Wachiwiri, amene ndingakusankhireni ndalama zikanakhala zanga, ndi The Witcher 3: Wild Hunt ya CD Projekt Red a ku Poland. Umu simudzipangira munthu wanu. Ndinu Geralt, mlenje wa zilombo wogwira ntchito yolipidwa, wonyamula malupanga awiri kumsana, lachitsulo la anthu ndi lasiliva la zilombo, ndipo akufunafuna Ciri, mtsikana amene anamulera ngati mwana wake. Anthu a m'midzi amamunyoza koma chilombo chikawavuta amamuitana, ndipo mumanenerera malipiro ngati muli pamsika. Mukanyanya kukweza, mwini ntchito amakwiya.

Chimene chinandigwira mtima si nkhondo ayi, ndi nkhani ya munthu wina ku Velen amene amamutcha Bloody Baron. Ndi chidakwa, msilikali wakale amene wadziika ufumu pa dera losauka, mkazi ndi mwana wake wamkazi asowa ndipo akufuna muwapeze. Mukamafufuza mumazindikira kuti sanabedwe, anathawa nkhanza zake. Ndiye pali mwana wa nthayo amene anakwiriridwa mobisa, wopanda dzina, n'kusanduka chinthu choopsa. Mutha kuchipha, kapena kumuuza bamboyo achinyamule m'manja usiku, ayende nacho mpaka pakhomo pake, achipatse dzina ndi kuchiika m'manda mwaulemu. Ine ndinasankha yachiwiriyo. Kumuona chimunthu chonenepa chija, chimene ndinkadana nacho mphindi zochepa zapitazo, chikunjenjemera ndi kamwanako m'manja, ndinaika kontirola pansi kaye. Aliyense amene anakulira kumudzi n'kuona mmene amayi amasungira mwambo wa maliro otere aimva nkhani imeneyi kuposa mzungu amene anailemba. Gemuyo sikuuzani kuti mumukhululukire kapena ayi, ndipo zimene musankhe m'dambo la Crookback Bog zimadzakupezani patsogolo, nthawi yobweza itapita. Zotsalazo sindiulula.

Muli nkhani zoterezi zambirimbiri, mpaka tintchito ting'onoting'ono ta pa bolodi la m'mudzi timakhala ndi mutu ndi mchira. Mulinso masewera a makadi otchedwa Gwent amene anandidyera sabata yathunthu dziko likudikira kupulumutsidwa. Ine mpaka kumaliza ndi zowonjezera zake ziwiri, Hearts of Stone ndi Blood and Wine, ndinapitirira maola 150. Ngati mumasewera maola awiri mukaweruka, imeneyo ndi miyezi iwiri ndi theka. Pa seli ya PlayStation Store kapena Steam (sitolo ya magemu a pa kompyuta), yonse yathunthu imatsika mpaka cha m'ma madola 10. Yerekezani nokha ndi 70 ija. Dziwani chabe kuti ndi ya akuluakulu: muli kutukwana, magazi ndi za kuchipinda, si yosewera pabalaza apongozi atabwera. Chingerezi chakenso n'chambiri, muyatse mawu olembedwa pansi aja.

Pogula samalani izi. Funani disiki ya Witcher yolembedwa Game of the Year Edition kapena Complete Edition, chifukwa zowonjezera zonse zili momwemo. Mukagula wamba n'kudzafuna zowonjezerazo pambuyo pake mudzakumana ndi vuto la chigawo: Malawi palibe pa mndandanda wa maiko a PlayStation Store, ambirife timatsegula akaunti ya ku South Africa kapena ku America, ndipo zowonjezera zogula pa akaunti ya ku America sizigwira pa disiki ya ku Ulaya. Komanso zimene mwasunga pa disiki wamba sizisamukira ku ya Game of the Year, mumayambiranso pachiyambi. Disiki ya kaunjika ndimaikonda pa zifukwa ziwiri: simutha bandulo kukopera magigabaiti 40 kapena 50, ndipo mukaimaliza mumaigulitsa kapena kusinthana ndi wina. Ya pa intaneti ukagula wagula. Disikiyo muitembenuze muione pansi padzuwa musanapereke ndalama, ndipo ngati n'kotheka ayiike m'makina muone kuti ikuwerenga.

Aja amagulitsa ma akaunti odzaza magemu pa mtengo wa bonya, athaweni. Ine anandidya kamodzi. Milungu itatu zinthu zinkayenda, tsiku lina ndikuyatsa ndinangopeza kaloko pa gemu iliyonse, nambala ya wogulitsayo osapezekanso.

Mwina wina akutchulirani Baldur's Gate 3. Ndi yabwinodi, inatenga mphoto ya gemu ya chaka mu 2023, koma pa PS4 kulibe, ndiye muichotse m'mutu. Amene muli ndi kompyuta yamphamvuko, Epic Games Store imapereka gemu yaulere Lachinayi lililonse, ndipo Steam imabweza ndalama ngati simunapitirire maola awiri mukusewera komanso masiku 14 asanathe. Ufulu umenewo ife a disiki sitili nawo, n'chifukwa chake ndikuti Elden Ring mubwereke kaye kwa mnzanu Loweruka limodzi, mukakumane ndi wa pa kavalo uja. Mukadzuka Lamlungu mtima ukufunabe kubwererako, ndiye kuti ndi yanu, yambani kusunga ndalama.

Ngati muli ku Lilongwe ndilembereni ku inbox, Skyrim yanga ingokhala. Witcher yokha ayi, ndayambiranso kachitatu.