Kupereka ku food bank mthumba muli movuta

Achimwene, mwafunsa ngati n'koyenera kupereka ku food bank (malo ogawira chakudya chaulere kwa osowa) kuno ku UK pomwe inunso ndalama zikukuvutani. Perekani chomwe mungathe, koma musalowe m'ngongole chifukwa cha chisoni.

Ine ndimaponya m'dengu la zopereka lomwe lili potulukira m'sitolo ya Tesco: mkaka wa UHT (wokhalitsa osawonongeka), nsomba za m'chitini, mwina matewera kapena sopo. Pasita ndi nyemba za m'chitini nthawi zambiri amakhala nazo zochuluka kale, ndiye yang'anani kaye mndandanda wa zomwe akusowa sabata imeneyo. Zowola msanga ayi.

Ma food bank a bungwe la Trussell amapatsa munthu chakudya cha masiku 3 akabwera ndi voucha (chikalata chomuvomereza kulandira) yochokera kumalo ngati Citizens Advice, bungwe lopereka uphungu kwa anthu. Mthumba mukauma ndithu, kathandizeni kusanja zitini, manja amasowanso kumeneko.