Mayi a Kamdothi ayimbe okha, kapena tiwayimbire?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mnyamata wina wa ku Nkhamenya. Iye ndi anzake awiri akujambula katuni ya mphindi 7 ya nthano ya Kamdothi pa laputopu yobwereka, koma akangana mpaka ntchito yaima. Analemba motere: "Mnzanga akuti mayi a Kamdothi aziyimba okha, pakamwa pakuoneka, monga zimakhalira m'makatuni a Disney. Ine ndikuti zimenezo n'zachibwana. Munthu mvula ikubwera, mwana ali kutali, sangaime n'kumayimba. Nyimbo izingomveka pansipansi, woyimba osaoneka. Inu amene mwaonera makatuni ambiri, njira yabwino ndi iti?"

Achimwene, zikomo kwambiri chifukwa cha kalata yanu, ndipo koposa zonse zikomo kuti mwasankha Kamdothi. Pa nthano iyi mnzanuyo walondola, mayi ayimbe okha. Komabe pali malo amodzi m'filimu yanu pomwe maganizo anu ndiwo adzagwire ntchito, ndipo ndi malo amene anthu adzalire. Ndifikako.

Ndiyambe ndi mawu anu akuti munthu sangayimbe zinthu zitavuta. Ine ndinakulira kwa agogo aakazi cha ku Chamama. Mwezi wa June, mtedza titakumba n'kuuma, madzulo tinkazungulira lichero m'khitchini tikuswa, utsi uli m'maso, agogo n'kuyamba kuti, "Padangokhala!" ife n'kuvomera, "Tili tonse!" Nthano ya Kamdothi ndinaimva kosawerengeka: mayi wopanda mwana amene anaumba mwana ndi dothi, mwanayo n'kukhala wamoyo, koma ndi lamulo limodzi lakuti mvula isamukhudze. Mawu amene agogo ankafotokozera zonsezi ndinaiwala. Chimene chinanditsalira ndi pamene ankasiya mtedza uli m'manja, n'kukweza nkhope ngati akuona mtambo kudenga laudzu, kenaka ndi mawu okwera, onjenjemera pang'ono, "Kamdothi, thawa mvula!" Ife tonse makoko a mtedza pansi, kuvomera nyimbo, mitima ili m'mwamba ngati mwanayo ndi mng'ono wathu. Palibe ndi mmodzi yemwe amene anafunsa kuti bwanji mayiyu akuyimba m'malo mothamanga.

Tsono taonani ntchito imene nyimboyi ikugwira m'nthanomo. Ndi mfuu ya mayi, ndipo Kamdothi amathawa chifukwa waimva. Mukaichotsa pakamwa pa mayi n'kuipereka kwa woyimba wosaoneka, Kamdothi adzamva ndani? Adzangooneka ngati mwana wochenjera amene amadziwa yekha kuwerenga mitambo, ndipo chingwe chomangirira mayi ndi mwana, chomwe ndi nthano yonseyo, chidzaduka. Funso limene ine ndimafunsa pa nyimbo iliyonse ya m'katuni ndi lomweli: kodi m'nkhanimo muli wina amene akuyenera kuimva nyimboyi? Ngati alimo, iyimbidwe ndi pakamwa pooneka.

Ndiponso kwathu kuno kuyimba zakukhosi si chinthu chochokera kunja. Zigayo zisanachuluke, mayi amene sankatha kuyankha apongozi ake kapena mwamuna wake maso ndi maso ankapita pamtondo, musi ukugunda, nyimbo n'kunena zonse, mudzi wonse ukumva, woyimbidwayo akumvanso koma osapeza pogwira. Pamaliro amayi amalira motchula mawu, kulira kwake kokhala ndi chuni. Tikaona mpangankhani wa m'katuni akutsegula pakamwa kuyimba chimene chamukula mumtima, ife a ku Kasungu sitiyenera kudabwa konse.

A Disney nawo anatulukira zomwezi m'njira yawo. Kuyambira pa Snow White mu 1937 ampangankhani awo ankayimba, koma amene anaikonza bwino njirayi ndi Howard Ashman, wolemba mawu a nyimbo amene anachokera ku zisudzo zapasiteji. Pa The Little Mermaid ya mu 1989 anaumirira kuti kumayambiriro kwa nkhani mwininkhani akhale pansi ayimbe chimene mtima wake ukufuna, kuti oonera amukonde ndi kuyenda naye mpaka kumapeto. Nyimbo imeneyo inangotsala pang'ono kuchotsedwa. Ataionetsa kwa ana filimu isanamalizidwe, anawo anayamba kutakataka, ndipo mkulu wa situdiyo, Jeffrey Katzenberg, anati ichoke. Ojambula anaikanira, inakhala, ndipo lero ndi imene anthu amaikumbukira filimuyo. Pa Frozen ya mu 2013 zinafika pena. Elsa, mfumukazi ya m'filimuyo, poyamba anamulemba ngati mdani wa m'nkhani, koma olemba nyimbo atabweretsa nyimbo imene amayimba ali yekha paphiri, opanga filimu anamva mtsikana wamantha amene watopa ndi kubisala, ndipo analembanso nkhaniyo. Nyimbo yotuluka pakamwa pa mwiniwake imaulula munthu mpaka kwa amene anamulenga.

Tsopano mbali yanu, chifukwa si inu nokha amene munaganizapo motero. Kevin Lima, mmodzi wa otsogolera Tarzan ya mu 1999, ananena poyera kuti sankatha kuona m'maganizo mwake munthu wosavala mokwanira atakhala panthambi n'kuyamba kuyimba. N'chifukwa chake nyimbo zambiri za filimuyo anaziyimba Phil Collins ali kuseri, ngati wofotokoza nthano. A Pixar, kampani ina ya makatuni, nawo pa Toy Story ya mu 1995 anakana kuti zidole zawo ziziyimba, ndipo Randy Newman ndiye anayimba pamwamba pa zithunzi. Chifukwa chake n'chomveka. Woody ndi Buzz, ampangankhani a filimuyo, ndi amuna awiri ouma mitu amene sangavomere pamaso pa anzawo kuti akuchita nsanje kapena mantha. Akanati ayimbe okha, bwenzi atasanduka anthu ena.

Izinso tili nazo pakhomo. Pitani kubwalo tsiku la gule. Nthawi zambiri gule akamavina, fumbi lili koboo, oyimba ndi amayi amene aima chapambali akuwomba m'manja, ng'oma zikulira. Nyimboyo imanena za khalidwe limene guleyo akuonetsa, kaya ndi ulesi, chiwerewere kapena kudzikuza, ndipo imanena zimene mwiniwake sangadzinenere. Ndi mawu a mudzi. Woyimba wosaoneka m'katuni amagwira ntchito ya amayi amenewa: amalankhula pamene mpangankhani sakudziwa chimene chikumuchitikira, kapena akudziwa koma pakhosi patsekeka.

Chitsanzo chimene sindichiiwala chili mu Toy Story 2. Chidole chachikazi, Jessie, chikukumbukira mwana amene ankachikonda, n'kukula, n'kuchisiya m'katoni pambali pa msewu. Jessie sayimba, amangoyang'ana pawindo, ndipo amene akumveka ndi Sarah McLachlan. Ndinaonera gawo limeneli ndi mwana wa mlongo wanga wa sitandade 2, pafoni, magetsi atazima, ife awiri pamkeka. Chingerezi cha nyimboyo sankamva ngakhale liwu limodzi. Galimoto itachoka, chidole chili m'katoni, anandigwira mkono n'kufunsa, "Amalume, abweranso kudzamutenga?" Ndinalephera kumuyankha msanga. Jessie akanayimba yekha, bwenzi akudandaula, ndipo munthu wodandaula timamumvera chisoni chapatali. Chifukwa anakhala chete, mwana wa mlongo wangayo analowa m'malo mwake.

Pali phunziro lina m'nkhani ya mwanayu limene likukhudza inu mwachindunji. Makatuni ambiri amene ana athu amaonera ali m'Chingerezi, ndipo nkhani ikakhala m'mawu a nyimbo, imawadutsa. M'mavidiyo sho a m'matauni athu, omasulira mafilimu m'Chichewa akafika panyimbo amangoilankhulira pamwamba kapena kuisiya idutse. N'chifukwa chake ana akuno amagwira kwambiri zimene sizifuna kumasulira, monga mfuu ya Chizulu ya woyimba Lebo M imene imatsegula The Lion King ya mu 1994 dzuwa likutuluka, kapena mphindi zinayi za kumayambiriro kwa Up ya mu 2009, pamene moyo wonse wa banja, kuyambira ukwati mpaka maliro, ukudutsa popanda wolankhula kapena woyimba, zoyimbira zokha. Inu muli ndi mwayi umene a Disney alibe pa ana a ku Nkhamenya. Mayi wanu akatsegula pakamwa, mwana aliyense adzamva liwu lililonse, ndipo ambiri adzavomera nyimboyo filimu ili mkati, poti amaidziwa kale. Mwayi wotere musautaye pobisa woyimba.

Njira zonse ziwiri zimatha kuwonongeka. Pali makatuni amene nyama zimangoyamba kuvina kuti mphindi zikwane, nyimbo n'kutha nkhani ili pomwe inali. Palinso chizolowezi chimene ndimachiona m'mafilimu ena akwathu, choika nyimbo pansi kuyambira poyamba mpaka pomaliza, mwina yotchuka pawailesi chaka chimenecho, mpaka mawu a anthu osamveka. Zonsezi muzipewe.

Ndikudziwanso kuti mwina mkangano wanu uli ndi chifukwa china chimene simunalembe, chomwe ndi kuchuluka kwa ntchito. Pakamwa poyimba m'povuta kujambula. Filimu imayenda zithunzi 24 pa sekondi, ndipo ngakhale mutachita monga ojambula ambiri amachitira, chojambula chimodzi kukhala kawiri, mukufunikabe 12 pa sekondi. Nyimbo ya mphindi imodzi ndi zojambula 720. Kwa anthu atatu a laputopu imodzi yobwereka, imeneyo si ntchito yamasewera, ndipo ndikumvetsa ngati nyimbo yapansipansi ikukukopani chifukwa cha ichi.

Koma Chichewa chikuthandizani. Tili ndi malembo a liwu asanu okha, a, e, i, o, u, ndipo maphatikizo athu ambiri amathera pa amenewa. Jambulani pakamwa pasanu, muwonjezere potseka milomo pa m, b ndi p, ndi pena pamene mano akhudza mlomo pa f ndi v. Ndi zisanu ndi ziwiri zimenezi mayi wanu ayimba nyimbo yonse, ndipo poyimba munthu amakoka liwu, kotero chojambula chimodzi chimakhala nthawi yaitali. Yambani mwajambula mawu, zithunzi zitsatire nyimbo, osati nyimbo kuthamangitsa zithunzi. Ndipo si nthawi yonse imene tiyenera kuona nkhope. Tionetseni mayi akuyamba mzere woyamba, kenaka mutionetse msana wake ataima pachulu, dzanja lili pachipumi, kenaka mtambo, kenaka Kamdothi kudambo akusiya masewera n'kutchera khutu. Malinga taona kamodzi kuti mawuwo ndi ake, tidzakhulupirira mpaka nyimbo ithe.

Woyimbayo musakamufune kutali. Pezani mayi wachikulire wa m'mudzi mwanu kapena wa kukwaya ya amayi, amene mawu ake ali ndi msinkhu. Mtsikana wa mawu osalala ngati a pawailesi sangatipatse mantha a munthu amene anadikira mwana zaka zambiri. Mujambuleni mawu usiku njinga zamoto za kabaza zitaleka kudutsa, m'chipinda chimene mwapachika mabulangete kuti mawu asabwerere, foni ili chapatali pang'ono ndi pakamwa. Mupezenso amayi anayi kapena asanu ovomera, muwajambule padera. Amenewa ndi amene akubweretsa malo anu aja.

M'nthanoyi nyimbo imabwera kangapo. Koyamba mayi ayimbe mosadera nkhawa kwambiri, mtambo uli kutali, Kamdothi afike akuseka, madontho oyamba akugwa iye ali kale pakhonde. Kachiwiri mtambo uyandikire, mawu akwere, mwana alowe m'nyumba phewa limodzi litanyowa, mayi alikonze ndi chala monga amakonzera m'phika wosawotcha. Kachitatu Kamdothi wapita kutali ndi anzake. Mayi ayambe kuyimba ali pachulu, atsike akuthamanga, akuyimbabe, chitenje chikumukola, mpweya ukumuthera, mpaka mawu aduke pakati pa dzina la mwana wake.

Pamenepo ndi pamene woyimba wosaoneka alowe. Mu Tarzan anachita zofanana ndi izi: nyani amene analera Tarzan ali mwana amayamba yekha nyimbo yomutonthoza, kenaka Phil Collins amailandira. Kwa inu olandira akhale amayi ovomera aja. Mayi watseka pakamwa, akungothamanga, koma nyimbo ikupitirira ndi mawu a anthu amene sitikuwaona, pang'onopang'ono, monga amayimbira m'nyumba ya siwa usiku. Palibenso woti aimve n'kuthawa, yatsala ya ife oonera. Ikatha musaikepo china chilichonse, ngakhale limba kapena gitala. Musiye mvula yokha ikugwa pamasamba a chimanga, ndi manja awiri a mayi akuwola dothi m'njira.