Achemwali a ku Mufakose, pitani mukaone mathithiwo

Mayi wina wa ku Mufakose, kuno ku Harare, wandilembera imelo yaifupi. Wasunga kandalama ka kuchipereganyu ndipo akufuna kupita kuchigwa cha Oribi Gorge ku South Africa kukaona mathithi ndi nyanja yamchere, koma achibale akumunena kuti akutaya ndalama pomwe denga la kumudzi ku Dedza likudontha. Akufunsa ngati apite, komanso ayende bwanji.

Achemwali, pitani. Funso lanuli landigunda pachilonda, ndiye mundipirire ndiyambe ndalankhula.

Bambo anga adachoka ku Ntcheu ali mnyamata, nthawi ya chitaganya chija cha Rhodesia ndi Nyasaland cha 1953 mpaka 1963. Adadutsa ku Tete, nayamba ntchito pamunda wa fodya, kenako nkupeza ya ukhukhi mʼnyumba ya azungu kuno ku Harare, masiku amenewo kukutchedwa Salisbury. Chaka ndi chaka mabwana awo ankapita kutchuthi kunyanja, mwina ku Beira, mwina ku Durban. Bambo ndiwo ankasita zovala, kulongedza masutikesi, kuphika kamba wapaulendo, kenako nkutsala kulondera nyumba ndi agalu. Eni nyumba akabwerako, bambo ankakutumula mchenga mʼnsapato za ana. Mchenga wa kunyanja adaugwira ndi manja awo zaka zambirimbiri, koma nyanjayo sadaione mpaka tidawaika mʼmanda. Kuchoka pa Harare kufika ku Beira sipakwana ndi makilomita 600 omwe. Ndikaganiza zimenezi mtima umandiwawa mpaka lero.

Ife ana a machona, kuyenda tidabadwa nako. Agogo athu adatengedwa ndi Mthandizi, bungwe lolemba anthu ntchito, kudzalima minda ya eni, ena bungwe linzake la Wenela lidawatengera kumigodi ya ku Joni. Mu 1974 ndege ya Wenela idagwa ku Francistown nkupha Amalawi 74 omwe ankabwerera kwawo, mpaka Kamuzu adaletsa zolemba anthu a kumigodi. Maulendo onsewo adali okagwira ntchito. Munthu ankaoloka Zambezi maso ali pakatundu wake, osaima nkuyangʼana madzi. Ngakhale lero, tikakwera basi pa Roadport, siteshoni ya mabasi ya kuno ku Harare, timakhala tikupita kukaoda katundu, kukasaka ganyu kapena kumaliro. Wina akangoti ndikupita kukaona malo basi, timamuyangʼana ngati wapenga.

Ndipo za maliro zomwezi ndinene poyera, ena akwiye akwiye. Munthu akamwalira kuno, ndalama zimapezeka tsiku lomwelo. Sosaite ya maliro imatulutsa, achibale amasonkha, galimoto imanyamula thupi kudutsa pa Nyamapanda, ku Tete, mpaka kukafika kumudzi. Sindikunyoza mwambowu, inenso ndimapereka mwezi ndi mwezi osaphonya. Koma bwanji ulendo wa mtembo timauona woyenera, pomwe ulendo wa munthu wamoyo wofuna kuona zimene Mulungu adalenga timautcha kuwononga? Ndikukana. Amene akukunenaniwo ndi omwe mwakhala mukuwatumizira ya feteleza, ya fizi, ya kuchipatala. Atopa liti kulandira? Mayi amene amadzuka mʼbandakucha kukagulitsa pamsika sayenera kupempha chilolezo kwa aliyense kuti akapume mlungu umodzi.

Ine ndidapitako ku Oribi Gorge ndili wamkulu kale, ana atamaliza sukulu. Msewu wochokera kutawuni ya Port Shepstone umadutsa mʼminda ya nzimbe, malo athyathyathya osakuchenjeza chilichonse, kenako mwadzidzidzi dziko limangotseguka. Mtsinje wa Umzimkulwana ndiwo udakumba chiphompho chimenechi, chakuya pafupifupi mamita 400, makoma ake a miyala yofiirira, pansi pake nkhalango yowirira moti mtsinjewo umangooneka mwa apo ndi apo. Miimba imauluka mʼmunsi mwako, iwe uli pamwamba kuiona kumsana. Mʼmitengo muli nchima. Pa mathithi a Lehr's Falls madzi amagwa kuchoka pamphepete penipeni pa thanthwe, ndipo pomwepo achinyamata amamangidwa zingwe nkudziponya mʼphompho akukuwa. Zimenezo nzolipira padera ndipo simukakamizidwa. Ine chidandigwira mtima ndi kanjira kotsikira ku Hoopoe Falls, kuyenda mʼmbali mwa madzi, thukuta kamukamu, mpweya wonunkhira masamba onyowa. Malowa boma lidayamba kuwateteza mu 1950, nchifukwa chake mitengo yachilengedwe idakalipo pomwe ponse pozungulira pali nzimbe zokhazokha.

Ena adzakuuzani kuti bwanji osangopita ku Victoria Falls kapena ku Mutarazi ku Nyanga, pafupi pomwepa. Nzoona, amenewo ndi aakulu kuposa a ku Oribi, ndipo mudzapitekonso. Koma kuno kwathu kulibe nyanja yamchere. Ku Oribi mmawa uli mʼchigwa, masana wafika ku Uvongo kumene mathithi ena a mamita 23 amagwera mʼdziwe lolumikizana ndi gombe, nkulowa mʼmadzi ofunda chifukwa cha mtsinje wa mʼnyanja wotchedwa Agulhas wotsika kuchokera cha ku Mozambique. Nditalawa mchere wa madziwo ndidalira, anthu akundiona.

Kayendedwe kake

Kwerani basi pa Roadport, muoloke pa Beitbridge mpaka ku Park Station ku Johannesburg, mupeze ina ya ku Durban. Port Shepstone ili makilomita 120 kummwera kwa Durban, ndipo chigwacho chili makilomita 20 ndi kanthu kulowa kumtunda. Pamenepa mudzafunika kuchita hayala, choncho kuyenda awiri kapena atatu kumapepula mtengo. Pasipoti ya Zimbabwe kapena ya Malawi safuna viza paulendo waufupi, koma muonetsetse masiku amene akudindirani pa boda musanachoke pawindo. Madzi amachuluka nyengo yamvula, pomwe mʼchisanu mathithi amachepa mphamvu. Disembala kumadzaza anthu ndipo malo ogona amadula, ndiye Febuluwale kapena Malichi ndi bwinoko. Mvula ikagwa musaoloke mtsinje mʼchigwamo, ndipo kunyanja muzisamba pakati pa mbendera pokha, pamene pali opulumutsa anthu, chifukwa mafunde a kumeneko amakoka. Nsapato zikhale zogwira pansi, osati masilipasi.

Za denga la ku Dedza, muitane alongo anu ndi abale anu onse, muwerengere limodzi malata ndi misomali, aliyense apereke gawo lake. Simudabadwire nokha mʼnyumba imeneyo.